A Lucious Apeta Ufa wa Dzuwa

Mukafika ku Santhe n'kufunsa munthu wodziwa kusankha fodya, ngakhale amene amadana nawo amakulozerani kwa a Lucious Mbewe. Zaka makumi atatu ndi chimodzi akhala akutumiza mabelo ku okushoni, ndipo palibe belo lawo limene linabwezedwapo chifukwa chopezeka ndi chitsotso. Nthenga ya nkhuku, ulusi wa thumba, kapepala ka switi, tsitsi la munthu, zonsezi ankaziona zili patali. Nthawi yosankha fodya ikafika, nkhuku zapakhomo zinkalowa m'ndende, akazi awo a Ezelina ankamanga maduku awiri, ndipo mlendo wa ndevu ankacheza naye ataima panja pa shedi. Kutchalitchi, kumene anali mkulu wa mpingo, khalidwe linali lomwelo. Wina akalowetsa mawu olakwika m'nyimbo, a Lucious ankakweza dzanja, nyimbo n'kuyambiranso.

Pa anthu onse a pansi pano, amene ankamuda kwambiri ndi mlimi wobisa miyala kapena fodya woola pakati pa belo. Anawaonapo ambiri akugwidwa ku okushoni, ndipo onse ankayankhula ngati anaphunzira sukulu imodzi: "Ndinangoikamo pang'ono chabe." Mawu atatuwa a Lucious akawamva, khutu linkawayabwa.

Chitsirizira chawo, Tithokoze, anali ku yunivesite kumene ankaphunzira zosakaniza mankhwala. Lamulungu lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anatsika pa kabaza atakumbatira katoni ngati khanda. Anafotokoza kuti nyali ya mu labu, imene imatsanzira dzuwa, inapsa, ndipo yatsopano idzafika pakatha miyezi inayi. Ndiye aphunzitsi ake, a Dokotala Modester, anamuuza kuti akayesere ntchito yake pa dzuwa lenileni, iwo adzabwera Lachisanu kudzaona ndi maso.

"Anthu ophunziranu mumagula dzuwa la m'babu?" anafunsa a Lucious, akuseka mpaka kutsokomola. "Kuno tikuchita kulithawa, laulere."

"Musaseke, ababa," anatero Tithokoze. "Mpweya ukapanda kutuluka Lachisanu a Dokotala ali pompo, sasaina. Zaka zitatu zanga zigwera m'madzi, ndipo malo amene andisungira oti ndipitirize maphunziro apatsa wina."

Lolemba m'mawa anayala katundu wake pabwalo. Panali mabotolo awiri a ufa, wina woyera mbee, wina wachikasu. Ufa wake unali wosalala mwakuti ukauika pachala sumva kuti wagwira kanthu. Tithokoze anati timibulu take n'tating'ono kwambiri, masauzande angapo titha kundandalika m'lifupi mwa tsitsi limodzi. Anatapa ufa wachikasu n'kuuthira m'botolo la madzi, anadontheza mankhwala ena a m'kabotolo, kenako anatulutsa chinthu chimene sichinapondepo pakhomo la mkulu wa mpingoyu: theka la kapu ya kachasu.

A Lucious anatembenuka n'kuyang'ana kumunda mpaka kachasuyo atalowa m'botolo.

"Ufawu sugwira bwino ntchito popanda kamowa," anatero Tithokoze.

"Ngati aganyu ena," anayankha a Ezelina.

Kuchokera pa botolo lija panali kachubu kopita m'beseni, kumene kabotolo kena kagalasi kanazondoka m'madzi. Tsiku lonse timathovu tinkakwera, kamodzikamodzi, mwaulesi. Pofika folo koloko mpweya unali utakwana zala ziwiri. Tithokoze anazula kabotoloko, anayandikiza machesi, ndipo panamveka kuti phu! Nkhuku zinabalalika, mbuzi inadumpha, a Ezelina anaitana Mulungu wawo.

"Umenewo ndi hayidirojeni," anatero Tithokoze. "Wachokera m'madzi. Tsiku lina anthu adzaphikira, mwina ngakhale kuotchera fodya, osadula mtengo."

A Lucious anakondwa, mtima unadzaza. Koma diso lawo silinachoke pa mabotolo awiri aja.

"Nanga bwanji mtundu ukusiyana? Giredi yake ndi iwiri?"

"Woyerawu ndiwo weniweni, ababa, dzina lake titaniya. Dzuwa likauwomba umadzuka n'kuyamba kung'amba madzi. Koma ndi wosankha kudya. Pa kuwala konse kwa dzuwa umangolandira kachigawo kochepa, kamene maso athu sakaona n'komwe. Ndiye ine ndinauthira chinthu china chachilendo, chinakalowa m'kati mwenimweni mwa timibulu take. Mtundu unasintha, tsopano umadya kuwala kochuluka."

"Chachilendo?"

"Pang'ono chabe."

Khutu la a Lucious linayabwa. Anafunsa motsitsa mawu kuti: "Aphunzitsi akowo akudziwa zimene wathiramo?"

"Kathiridwe kake n'kangakanga, ababa. Adzaona Lachisanu," anayankha Tithokoze akuseka, uku akulongedza machubu ake.

Madzulo amenewo chakudya chinawakanika a Lucious. M'maso mwawo munkabwera okushoni: wogula akupisa dzanja pakati pa belo, akutulutsa mwala, akuukweza m'mwamba kuti aliyense aone. Anaonapo amuna a imvi akulira pamenepo. Tsopano ankaona mwana wawo ataima pambali pa botolo lake, a Dokotala akupisamo chala. Anamumvera chisoni, anamukwiyiranso pang'ono, koma chisoni chinaposa. Mwana ndi mwana, analakwa chifukwa chofuna kupambana. Ntchito ya kholo ndi kukonza belo lisanafike kwa wogula. Kumufunsanso kachiwiri kukanatha nkhani yonse, koma munthu amene sanalakwepo zaka makumi atatu safunsa kawiri.

Lachiwiri m'mawa Tithokoze anakwera njinga kupita ku Santhe, kukatchaja laputopu kusitolo kwa a Yakub ndi kukafuna machubu ena. A Ezelina anapita kudimba. A Lucious anadikira mpaka fumbi la njinga litazilala, n'kutenga botolo lachikasu.

Anayamba mwaulemu. Anathira ufa wonse m'mbale yoyera, anavala magalasi, anatenga singano, n'kuyamba kufufuza chachilendo chija. Anafufuza m'mawa wonse, mzere ndi mzere. Sanapeze ngakhale kamchenga. "Chinyengo cha anthu ophunzira n'choopsa," anadziyankhulira. Anatenga sefa, ufa wonse unadutsa. Anatenga mpango wawo wa Lamulungu, ufa unadutsanso osasiya kanthu. Apa anatsala ndi nzeru imodzi yokha, imene imachotsa zitsotso m'chakudya kuyambira kalekale. Anasuzumira kumsewu, anasuzumira kwa aneba, n'kukatenga lichero la akazi awo.

Mkulu wa mpingo kugwira lichero si chinthu choonetsa anthu, choncho anakabisala kuseri kwa balani, nyumba yawo yaitali yootchera fodya. Chibadwire anali asanapetepo, koma ankaona akazi akupeta tsiku ndi tsiku, ndipo sanaone chovuta. Anaponya kamodzi, pang'onopang'ono. Kautsi kachikasu kananyamuka n'kupita. "Eya, chikuchoka," anatero mokondwa. Anaponya kachiwiri, mwamphamvu ndithu. Ndipo nthawi yomweyo kamvuluvulu wa mu Okutobala, amene anakhala akuzungulira m'minda youma osapeza chochita, anakhotera kuseri kwa balani.

Pamene a Lucious ankatsegula maso, lichero linali mbee. Ufa wina unali pamsana pa mbuzi, wina pakhoma la balani, wambiri unali m'mwamba ulendo wa ku Lifupa kukaona njovu. Wotsala unali m'mphuno mwawo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, koma sanaganize kuti munthu angautsatire mwambiwo mpaka pamenepa. Anayetsemula kasanu ndi kawiri, kenako anakhala pansi.

Chimene anachita pambuyo pake ndimachita nacho manyazi pochinena. M'nyumba munali ufa wa chimanga chachikasu umene a Ezelina ankasungira phala. A Lucious anausefa katatu. Anaona kuti mtundu wake wapsa kwambiri, anathiramo ufa woyera pang'ono, anayang'ana padzuwa, anaonjezeranso, mpaka unafanana ndendende ndi umene unapita ndi mphepo. Anadzaza botolo, wotsala anaubisa m'chitini, botolo n'kulibwezera m'katoni. Limeneli linali belo loyamba lachinyengo m'moyo wa a Lucious Mbewe, ndipo tinene zoona, analidinda mwaluso.

Atatsiriza ndi pamene mantha ena anawagwira. Anayamba kuwerengera pa zala zimene anaona dzulo lake. Ufa, ali nawo m'mphuno, mwinanso wafika m'chifuwa. Madzi, thupi la munthu ndi madzi okhaokha. Dzuwa, ili pamwambali, ndipo iwo ndi a dazi. Chimene chinkasowa ndi mowa basi, ndipo anathokoza Mulungu kuti sanaulawepo. Kenako anakumbukira thobwa limene anamwa Lamulungu, lija linagona masiku awiri n'kuyamba kuwawasa. Pomwepo anageya. Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, n'kuthamangira m'nyumba kukatenga ambulera.

Kuyambira nthawi imeneyo a Lucious sanapondenso padzuwa popanda ambulera, ngakhale popita kuchimbudzi. Madzi anakana, tiyi anakana. Kukhitchini ankadutsa patali. Mnzawo wina atabwera kudzacheza ali ndi ndudu pakamwa, a Lucious anamufuulira ali kumsewu kuti aime pomwepo, nkhani akambirane mokuwa. A Ezelina anangoyang'ana zonsezi. Anakhala nawo zaka zambiri bambowa, ankadziwa kuti chinsinsi chawo sichigona masiku awiri.

Lachitatu Tithokoze anayalanso katundu wake kuti ayese machubu atsopano. Anatapa ufa, anathira m'madzi, anagwedeza. Ufa unachita mibulu. Anagwedezanso, akukwinya nkhope, n'kuliika botolo padzuwa. Panapita ola, panapita maola awiri, thovu ngakhale limodzi. Anatsegula, ananunkhiza. Anaviika chala n'kulawa.

"Amayi," anaitana, mawu ake ali aang'ono ngati a mwana wa sitandade wani. "Amayi, ili ndi phala."

Anakhuthula botolo la ufa pa pepala, anaufikisa ndi zala, kenako anakhala pansi pafumbi, miyendo atatambasula. Sanalire mokweza. Misozi inkangotsika, iye akuyang'ana pepalalo. A Lucious anali patsinde pa mango, pamthunzi, ambulera ili pamutu, ndipo kulira kwachetechete kuja kunawapweteka kuposa mmene kukuwa kukanawapwetekera.

A Ezelina anayang'ana mbuzi ya msana wachikasu. Anayang'ana lichero lawo, limene linapachikidwa pa msomali wolakwika. Anakatunga madzi m'kapu yaikulu n'kukaima pamaso pa amuna awo.

"Imwani, a Mbewe."

"Ndilibe ludzu."

"Milomo yang'ambika ngati dambo la mu Okutobala. Imwani."

"A Nankhoma, chotsani madziwo," anatero, akuwaitana akazi awo ndi mfunda wawo.

"Chifukwa?"

"Ndiphulika."

Mawu amodziwo atatuluka, ena onse anatsatira okha: singano, sefa, mpango, lichero, kamvuluvulu, chitini. Anafotokoza akuyang'ana pansi, ndipo anamaliza ndi kunena kuti ankafuna kuti mwana asachite manyazi pamaso pa aphunzitsi ake.

Tithokoze anadzuka pang'onopang'ono n'kubwera patsinde pa mango.

"Munapeta?"

"Ndinapeta."

"Ufa umene ndinaupanga miyezi isanu ndi itatu, munauika pa lichero?"

"Ndimafuna kuchotsa chachilendo chija, mwana wanga. Pepa."

"Chachilendo chijacho ndiye ntchito yanga yonse! A Dokotala akubwera kudzaona chimenecho! Ufa woyera aliyense amagula, woudetsa bwino ndiye amasainiridwa." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndipo simuphulika. Unatuluka pomwe munkayetsemula. Imwani madziwo."

Sanati ababa. Kuyambira pamenepo anangoti "inu", ndipo a Lucious, amene ankamva mawu amodzi olakwika pakati pa mpingo wonse, anamva msanga mawu amene asowa.

"Pepani sapoletsa chilonda, a Mbewe," anatero a Ezelina, akuwapatsa kapu ija. A Lucious anamwa theka lokha, ambulera sanaitsitse.

Patapita nthawi a Lucious anafunsa, mwamantha, kuti chachilendocho chinali chiyani makamaka.

"Yuleya," anayankha Tithokoze osawayang'ana.

"Yuleya uti?"

"Yemweyo mumathira m'chimanga. Wa ku labu ndi woyeretsedwa, koma ndi yemweyo. Timamusakaniza ndi ufa woyera n'kuotcha m'ng'anjo maola awiri, moto woposa wophikira. Yuleyayo amapsa n'kutha, koma amasiya kanthu kake m'kati mwa ufa."

A Lucious anatsegula pakamwa. M'chipinda chawo, kuseri kwa chitseko, munali thumba lathunthu la yuleya likudikira mvula. Ankagona nalo chinsinsi cha mwana wawo osadziwa.

"Ufa woyera ulipo," anatero. "Yuleya alipo. Ng'anjo ili apo, ya balani."

"Ng'anjo ya ku labu ili ndi choyezera kutentha. Moto ukachepa ufa umada, ukachuluka umayeranso. Ine ndinalakwitsa kambirimbiri ndisanapeze muyeso wake. Inu muyeza ndi chiyani?"

"Ndi mtundu," anatero a Lucious, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anadzutsa mutu. "Ufa wako ndinauyang'ana m'mawa wonse ndi singano. Ngati sukukhulupirira, tenga wa m'chitini uja. Iwe mwini wake unauthira m'madzi osazindikira."

Tithokoze anafuna kutsutsa, koma zinali zoona. Chinyengo cha bambo ake chinali chitsanzo chokhacho cha mtundu woyenera chimene chinatsala pakhomopo.

Lachinayi kutacha, anthu odutsa mumsewu anadabwa kuona utsi pa balani ya a Mbewe mwezi umene fodya akadali ku nazale. Tithokoze anasiya supuni imodzi ya ufa woyera yodzafanizira, wotsala anaugawa patatu. Anasinja yuleya, anamuyeza pa kasikelo kake, anamuika pa kapepala, n'kuwapatsa bambo ake.

"Thirani."

"Thira iwe, ndiwe ukudziwa."

"Munachotsa ndinu. Thirani."

A Lucious anayang'ana ufa woyera m'kamphika kadothi. Unali woyera kuposa chilichonse chimene chinadutsapo m'manja mwawo. Dzanja limene linatola nthenga ndi maulusi zaka makumi atatu ndi chimodzi linapita, linabwerera, linapitanso. Anatsinzina n'kukhuthula. A Ezelina amati mpaka lero sadziwa ngati chimene amuna awo ananong'ona pamenepo linali pemphero kapena kutukwana.

Kamphika koyamba anakatulutsa msanga. Ufa unali woderapo ngati fodya wa chikopa, fungo lake la m'khola la mbuzi, mwakuti onse anathawira kumene kunkachokera mphepo. Kachiwiri anasonkhezera nkhuni za bulugamu mwaukali. Ufa unatuluka wachikasu chokongola, Tithokoze anatsala pang'ono kudumpha, koma a Lucious anati adikire. Pozizira, chikasu chija chinathawa, ufa unatsala wotuwa ngati sanauthire kanthu.

"Ukatentha umanama mtundu," anatero a Lucious. "Fodya wonyowa amateronso."

Panatsala kamphika kamodzi. Pamenepa a Lucious anaika ambulera pansi. Anauza onse aime patali, iwo anagwada pakamwa pa ng'anjo, dazi likunyezimira ndi thukuta. Moto wa balani ankaudziwa ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Anachotsa chikuni chimodzi, anakankhira makala kumbali, anasendeza kamphika ndi chitsulo. Nthawi ndi nthawi ankavundukula ndi pulayala, kutapa pang'ono pansonga ya mpeni, kuika pa phale kuti uzizire, n'kuuyerekeza ndi ufa wa phala uja padzuwa. Anatero kasanu. Ulendo wachisanu ndi chimodzi anayang'ana nthawi yaitali, anapendeketsa phale uku ndi uku.

"Tsopano," anatero, n'kuphula kamphika.

Utazizira, ufa unakhala wachikasu. Tithokoze anauyang'ana, anauthira m'botolo, anatseka, n'kulowa nalo m'nyumba. Botololo analimangirira m'chitenje m'chiuno mwake, ndipo sanalisiyenso paliponse.

Lachisanu a Dokotala Modester anafika pa galimoto yodzaza fumbi, mayi wamfupi wa magalasi okhuthala, buku lili m'khwapa. Anakana mpando wa m'nyumba, anati akhala pomwe pali mabotolo. Tithokoze anayala awiri moyandikana, lina la ufa woyera, lina la wachikasu. Kachasu atatulutsidwa, a Lucious anaiwala kutembenuka.

Dzuwa linakwera. Botolo loyera linangokhala duu. Lachikasu nalonso duu. A Dokotala anayang'ana wotchi, analemba kanthu. Tithokoze ankaluma chala. A Lucious, amene anali atabwereranso pansi pa ambulera poti zaumoyo sizidziwika, sankachotsa maso pa kachubu. Cha m'ma leveni koloko kathovu kamodzi kananyamuka pansi pa botolo lachikasu, kanayenda m'kachubu, kanakafika. Kenako kena. A Ezelina anayamba kuwerenga mokweza mpaka mwana wawo anawaletsa.

Pofika folo koloko mpweya unakwana chala chimodzi ndi theka. Wa botolo loyera sunkaoneka n'komwe. A Dokotala anayeza, anatsegula masamba akumbuyo a buku lawo, n'kukwinya pamphumi.

"Tithokoze, nambala iyi ndi yotsika poyerekeza ndi zimene unkapeza ku labu. Ufawu ndi womwe uja?"

Tithokoze anayang'ana kwa bambo ake. A Lucious anadziwa nthawi imeneyi. Wogula wapisa dzanja m'belo. Anapinda ambulera, anaiika pansi, anayenda padzuwa mpaka pamaso pa mlendoyo, manja ali kumbuyo.

"A Dokotala, katunduyu ali ndi chitsotso. Wathiramo ndine. Mwanayu alibe mlandu."

Anafotokoza zonse, osadumpha ngakhale za mbuzi. Atafika pa lichero, a Dokotala anavula magalasi. Atafika pa thobwa, anagwira m'mimba, misozi ikutuluka, buku linagwera pafumbi. Koma atafika pa balani, kuseka kunatha. Anatola buku lija, anavalanso magalasi.

"Dikirani, bambo. Yuleya wa m'thumba? Kamphika kadothi? Ng'anjo ya fodya?"

"Eya."

"Kutentha kunali kotani?"

"Kunali koti ufa ufike pa mtundu wa tsamba lachinayi kuchokera pansi, chaka cha mvula yabwino."

"Zimenezo sindingalembe m'buku."

"Ndiye muyeso wake umenewo, mayi. Wina ndilibe."

A Dokotala anagogoda cholembera pa dzino. Kenako anatembenukira kwa Tithokoze.

"Tamvera. Ngati zili m'kabotolomo ziyake, ndisaina. Koma ubwereranso kuno ndi choyezera kutentha, muotche kakhumi ndi bambo akowa, tione ngati sunali mwayi chabe. Zikapanda kuyaka, ndiye kuti ndi mpweya wamba, ndipo ine sindingakuthandize."

Tithokoze anazula kabotolo kaja m'beseni, atatseka kukamwa kwake ndi chala. Ndi dzanja linalo anatola bokosi la machesi. Anayesa kulitsegula ndi dzanja limodzi, linakana. Anayang'ana amayi ake, anayang'ana a Dokotala, kenako anatambasula dzanja kwa munthu amene anaima padzuwa, dazi lili pamtunda.

"Ababa, yatsani ndinu."

A Lucious analandira bokosilo. Kamtengo koyamba kanathyoka. Kachiwiri kanayaka. Anakayandikiza, Tithokoze anachotsa chala.

Phu!

Nkhuku zinabalalika, mbuzi yachikasu inadumpha, a Ezelina analuluta mpaka aneba anatuluka m'nyumba. A Dokotala anatsamiritsa buku pabondo n'kusaina.

M'kati mwa kabotolo muja munachita kankhungu kopyapyala. Tithokoze anakapereka kwa bambo ake.

"Mpweya uja ukapsa umabwereranso kukhala madzi, ababa. Ndi amenewo. Taonani ngati muli chitsotso."

A Lucious anakweza kabotolo padzuwa monga ankakwezera tsamba lililonse lisanalowe m'belo. Anakatembenuza uku, anakatembenuza uko. Sankaona kanthu, chifukwa m'maso mwawo munali mutadzaza, ndipo mpango wawo wa Lamulungu unali usanachapidwe chisefereni ufa uja.

"Mulibe," anatero.

Pa zaka makumi atatu ndi chimodzi, aka kanali koyamba kuti avomereze katundu asanamuone bwino.